Mboni Zinali ku Maliro

Puloti ya ku Lupaso tinaigula anthu asanu ndi awiri, aliyense payekha, aliyense akudziyesa wochenjera. Ine Edina Kachingwe, mwana wa ku Dedza, wosunga mafaelo mu ofesi ina ya boma kuno ku Mzuzu, ndinali wachisanu kugwiritsidwa fuwa la moto. Ntchito yangayi ndikuitchula dala kuti muone kukula kwa manyazi anga. Munthu wokhalira kununkhiza mapepala kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndinalandira chikalata chabodza ndi manja awiri, mpaka kunyonyomala pothokoza. Zonse zomwe boma linandipatsa amuna anga atamwalira zinathera pamenepo.

Anatigulitsa malowo ndi Shadrick Zgambo, bambo wa masuti ositidwa bwino, wolankhula motsitsa mawu ngati akukupempherera. Sankakakamiza munthu. Ankangokutengera pamalopo pa galimoto yake, n'kukuonetsa pomwe padzadutse madzi ndi magetsi, kenako n'kunena mwaulemu kuti pali dokotala wina amene akuwafunanso, koma iye mtima wake uli pa amayi amasiye. Ine kumva zimenezo ndinaona ngati Mulungu wandikumbukira.

Anzanga ndinakumana nawo pa puloti pomwepo. Loweruka lina ndinapita ndi mmisiri kuti akayeze maziko, ndipo ndinapeza mayi wina wamfupi, wojintcha, akufunditsa njerwa zake udzu. Cha kumalire kunali bambo wachikulire wa jekete yotuwa akupalira nthochi zomwe anabzala. Tinakangana mpaka malovu kuuma, iwo m'Chitumbuka, ine m'Chichewa, aliyense akumutcha mnzake wakuba. Titatopa tinatulutsa zikalata zathu n'kuziyala pa njerwa. Nambala imodzi, chidindo chimodzi, ngakhale pomwe wotaipa analakwitsa panali pamodzimodzi. Mayi uja anayamba kuseka, anaseka mpaka misozi, ndipo kusekako kunathera m'kulira. Mwezi wotsatira mwini weniweni wa malowo anatumiza anthu kudzamanga mpanda wa waya, njerwa ndi nthochi n'kutsalira mkati.

Mayi uja anali Marjorie Luhanga, telala wa ku Msongwe, amene aliyense amamutcha Nyaluhanga. Bambo wa nthochi anali a Tumbikani Harawa, mphunzitsi wopuma ntchito, amene penshoni yawo inalowa m'thumba lomwelo. Marjorie ndiye anafufuza ena anayi aja, mmodzimmodzi, n'kutisonkhanitsa pakhonde la shopu yake. Tinkakumana Loweruka lililonse masana, iye akupalasa makina, ife titakhala pa mabenchi.

Gulu lotere munthu amalifuna kuposa mankhwala. Wakuba akakuthyolera nyumba, anthu amabwera kudzakupepesa. Wachinyengo akakupusitsa, anthu omwewo amakufunsa kuti maso ako anali kuti. Achimwene anga ku Dedza atamva anangoti sukulu yanga inapita padera, n'kudula foni. Koma pakhonde paja munthu unkatha kunena kuti ndinapusa, wina n'kukuyankha kuti ine ndinapusa kuposa iwe, n'kukupatsa mbatata yootcha. Tinkaperekezana ku polisi ndi ku khoti. Wina akagwa ulesi tinkamukoka. Pambuyo pake kunayamba kubwera ndi ena omwe, opusitsidwa ndi anthu a ntchito za kunja ndi a mauthenga a pafoni, kudzafunsa kuti madandaulo amayambira pakhomo liti.

Ine anandisankha kukhala mlembi, poti makalata ndi zakudya zanga. Ankandilemekeza, sindinganame. Koma ulemu ndi ubale n'zosiyana. Nkhani ya mlandu inkakambidwa m'Chichewa kuti ndilembe. Nthabwala zikayamba, zinkatembenukira ku Chitumbuka chothamanga, ine n'kumangomwetulira mochedwa. Msonkhano ukatha iwo ankatsikira limodzi kumunsi kwa Msongwe, komwe amapemphera tchalitchi chimodzi, kutunga madzi pampopi umodzi. Ine ndinkakwera minibasi ziwiri kubwerera ku Luwinga, kukanyumba kanga ka lendi kozingidwa ndi ana a yunivesite omwe amasintha chaka ndi chaka. Zaka zisanu ndi chimodzi mu mzinda uno, panalibe yemwe anandiitanirako ukwati, chinkhoswe kapena maliro. Chaka china malungo anandigwetsa masiku anayi, ndipo amene anazindikira kuti ndasowa anali abwana anga okha, chifukwa makiyi a kabati anali ndi ine. Ndinali wosungulumwa, ndipo ndinkachita nazo manyazi kuposa za puloti.

Mlandu wa Shadrick unayenda ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Faelo inasowa, inapezeka, inasowanso. Tsiku lina woweruza anali ku msonkhano, tsiku lina loya wa Shadrick anadwala mwadzidzidzi, ndipo anthu anamuona akudya nyama yootcha m'tauni masana ake omwewo. Kawiri konse tsiku linasinthidwa ife osauzidwa, ndiye m'mabuku munalembedwa kuti mboni sizinabwere. Patadutsa zaka ziwiri ndi theka, woweruza watsopano, mayi wosakonda zocheza, anawerenga faelo yonse n'kuivundikira mwamphamvu. Anati mlanduwu wakalamba, ndipo aupatsa mpata umodzi wotsiriza: Lachinayi la sabata yachiwiri ya Juni, naini koloko m'mawa. Mboni zikapanda kuoneka tsiku limenelo, woimbidwa mlandu amumasula. Ndinalemba mawu amenewo ndi dzanja langa, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Mboni zoyamba tinali atatu: ine, Marjorie ndi a Harawa.

Tinakonzekera ngati ana a mayeso. A Harawa ankakhala ngati loya wa Shadrick, n'kumatifunsa mafunso okhotakhota mpaka Marjorie kupsa mtima n'kufuna kuwalasa ndi sizasi. Ine ndinapempha tchuthi cha tsikulo kudakali milungu itatu. Diresi langa la buluu ndinalisita Lamulungu n'kulipachika pachitseko.

Lachitatu madzulo, nditangofika kuchokera ku ntchito, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja ka Juni, ndinamva odi pakhomo. Ndinayesa ndi kwa aneba, chifukwa kwanga odi amachita ndi owerenga mita ya madzi okha. Odi uja atabwerezedwa ndi dzina langa, ndinatsegula. Anali Marjorie, matope ofiira mpaka m'akakolo, jumbo m'khwapa.

Ndinasowa chogwira. Ndinamukhazika pampando wabwino, ndinatereka madzi, ndinatsuka kapu yomwe inali yotsukatsuka kale. Iye anadikira kuti ndikhale pansi, monga amachitira munthu wobwera ndi uthenga, ndipo anandipatsa moni wonse bwinobwino asanayambe.

"Mama Kachingwe, kwathu kuli nyifwa. Nyakamanga watisiya dzulo. Tikuyika mawa."

Nyakamanga anali mayi ake a Shadrick. Ndinkawadziwa. Mlandu utangoyamba anabwera pakhonde la Marjorie akuyenda ndi ndodo, anakana benchi, anakhala pansi pa simenti yozizira n'kutipepesa mmodzimmodzi chifukwa cha mwana wawo. Sanatipemphe kuti tithetse mlandu. Anangoti iwo anabala mwana, mtima sanamubalire. Marjorie anandiuza tsiku limenelo kuti mwana wake woyamba anabadwira m'manja mwa gogo ameneyu, galimoto itachedwa.

"Gulu lose tikupita," anapitiriza. "Amene wakananga, wolakwayo, ni mwana, mama wake yayi. Tikapanda kuoneka, anthu aziti chiyani? Maliro n'kulirana."

Ndinafunsa za khoti. Anandiyankha mopepuka, akuuzira tiyi. Anati amalume ake a Shadrick anabwera okha kwa a Harawa m'mawa, chipewa m'manja, kudzanena kuti akubanja adziwitsa kale a khoti, ndipo tsiku lisinthidwa. Anati ndi zomveka, munthu angaimirire bwanji m'bokosi la khoti mayi ake ali m'bokosi kunyumba? A khoti nawonso ndi anthu, ali ndi amayi awo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ine ndimadziwa mmene mapepala a boma amayendera. Tsiku la mlandu silisinthidwa ndi amalume a munthu atagwira chipewa. Limasinthidwa m'chipinda chija, woweruza atakhala pampando, n'kulembedwa m'mabuku. Chosalembedwa, ku boma kulibe. Mawu amenewa anali kale pakamwa panga. Ndikanangoti, Nyaluhanga, tiyambe tapita ku khoti naini koloko, akatiuza okha kuti tibwerere, maliro tikawapeza. Zinali zosavuta ngati kumwa madzi.

Koma Marjorie anali akumasula jumbo ija. Anatulutsa chitenje chatsopano, chakuda cha timadontho toyera, atachipinda kale m'mphepete pa makina ake. Anati amayi a gulu onse avala chofanana, ndipo ichi n'changa. Anati amayi a m'dera atipatsa ntchito yoluka nkhata za maluwa, ndipo iye wawauza kuti ali ndi munthu wa manja audongo, ndiye ndifike m'mawa seveni koloko, ndisachedwe.

"Ndimwe withu, mama. Ndinu wathu. Mukhale pakati pathu, osati kumbuyo ngati mlendo."

Ndinalandira chitenje chija. Mawu aja ndinawameza pamodzi ndi tiyi. Ndinadziuza kuti mwina amalume aja akunena zoona, kuti a Harawa ndi munthu wophunzira sangapusitsidwe kawiri, kuti sibwino mlendo kuphunzitsa eni mudzi za maliro awo. Zonsezo zinali zodzikhululukira chabe. Chenicheni n'choti ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa, ndibwerera kukhala mlembi wa gulu, mayi wa ku Dedza wouma mtima amene amaika mapepala patsogolo pa mtembo. Ndinamuperekeza mpaka pa siteji, monyada, kuti ana a sukulu aja aone kuti nanenso ndimalandira alendo.

M'mawa ndinafika ku Msongwe seveni isanakwane. Abambo anali pansi pa tenti kutsogolo kwa nyumba, ataunjikana m'majekete. M'nyumba amayi a mpingo ankaimba motsitsa. Ife anatikhazika kukhonde la kuseri, pa mphasa, pakati pathu pali mulu wa nthambi za mkungudza, maluwa ofiira ndi oyera othyoledwa m'mipanda ya anthu, ndi waya. Foni ndinaitseka mawu n'kuimangirira pansonga ya chitenje, monga anachitira anzanga.

Ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi: pamaliro amenewo ndinasangalala. Mayi wina anandiphunzitsa kupinda waya kuti nkhata isapotoke. Wina anandifunditsa theka la bulangete lake m'miyendo osandifunsa n'komwe. Nditayesa kuyankha m'Chitumbuka changa chopunduka, anaseka mobisa pakamwa, poti pamaliro saseka mokweza, ndipo gogo wina analamula kuti kuyambira lero ndine Nyakachingwe. Nkhata yanga yoyamba inayenda m'manja mwa onse, akuiyamikira. Mapewa anga anali atagundana ndi a anthu mbali zonse ziwiri. Ndinali nditaiwala kuti thupi la munthu limafunda chonchi.

Cha m'ma teni koloko maluwa oyera anatha, ndipo anandituma kukathyola ena kumpanda wa kutsogolo. Podutsa pa tenti ndinaponya maso pa mzere wa anamfedwa. Amalume aja analipo. Azichimwene ake analipo. Mpando wa Shadrick unali wopanda munthu, ndipo pamsewu, pomwe ndinaona galimoto yake yoyera pofika, panangotsala zizindikiro za matayala m'matope. Ndinafunsa mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa. Anati watuluka m'mamawa, akuti wapita m'tauni kukatenga nsalu yoyala m'manda.

Nsalu imeneyo ndinali nditaiona ndi maso anga, ili pawindo la kuseri, yopindidwa bwinobwino.

Ndinamasula foni pa chitenje, ndipo ndinapeza kuti woimira boma pa mlandu wathu anandiimbira kanayi, kuyambira naini koloko itangodutsa. Sindinabwerere kuseri kukauza aliyense. Ndinaika maluwa aja pansi, ndinatuluka pageti ngati ndikupita kukataya madzi, ndipo nditangokhota ndinathamanga, mayi wa zaka makumi asanu, chitenje chikundikola miyendo. Pamsewu waukulu ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, chinthu chomwe ndinalumbira kuti sindidzakwera. Njira yonse ndinkapemphera pemphero lopusa, loti woweruza akhale kuti wadwala, faelo ikhale kuti yasowanso.

Tsiku limenelo, mwa masiku onse a zaka ziwiri ndi theka, zonse zinayenda pa nthawi yake. Kalaliki wa khoti anandiuza asanadzutse n'komwe mutu. Mlandu wathu unali woyamba kuitanidwa. Woimbidwa mlandu analipo, loya wake analipo. Maina a mboni anaitanidwa katatu pakhomo, langa, la Marjorie, la a Harawa. Woweruza anadikiranso mphindi makumi awiri, zomwe akuti sachitachita. Kenako loya anaimirira n'kunena kuti munthu wake wasiya mtembo wa mayi ake kunyumba polemekeza khoti, pamene odandaula sanalabadire n'komwe. Woweruza anachita zomwe ananena kuti adzachita.

Woimira boma ndinamupeza pakhonde, mafaelo ena ali m'khwapa. Anandiyang'ana chitenje chakuda chija, n'kupukusa mutu. Anati palibe kalata iliyonse yomwe inabwera yopempha kusintha tsiku. Anati mwalamulo mlandu utha kuyambidwanso ngati akuluakulu ake atavomera, koma anazinena ndi mawu omwe adokotala amanenera kuti tiyeni tingopemphera. Iye mwini akusamutsidwa mwezi wamawa. Ndinafunsa ngati ndingalowe ndikafotokoze kwa woweruza kuti tinanamizidwa. Anandifunsa kuti ananama ndani, ndipo analemba pati.

Potuluka ndinakumana ndi Shadrick pamasitepe. Anali atavala suti yakuda, akutsanzikana ndi loya wake. Ndinali nditamusungira mawu zaka ziwiri ndi theka, mawu oti akamva asadzagonenso. Koma atatembenuka ndinaona kuti maso ake ndi otupa, otupa zenizeni, ndevu zosameta, ndipo kolala ya shati yake inali yopindikira mkati ngati ya munthu amene wavala mosadziwa. Anali wakuba, analinso mwana wofedwa. Pakamwa panga, pamene panaleredwa bwino ku Dedza, panatseguka pokha.

"Pepani ndi maliro, bambo Zgambo."

"Yewo, mama. Yewo chomene." Anayang'ana chitenje changa, kenako pansi. "Mukubwerera ku Msongwe? M'galimoto muli malo."

Ndinakana. Chokhacho ndi chomwe ndinapambana tsiku limenelo, ndipo n'chochepa kwambiri. Ndinamuona akulowa m'galimoto, akupukuta nkhope ndi kansalu, n'kunyamuka kukaika mayi ake.

Ndikanatha kupita ku Luwinga, kukadzitsekera, n'kudikira kuti amve kwa ena. Ndinaima pa siteji nthawi yaitali, minibasi za kwathu zikundiitana. Koma ndinakwera ya ku Msongwe. Ndinafika mwambo wa tchalitchi utatha, anthu akutsika kupita kumanda, ndipo ndinalowa mu mzere wa amayi mwakachetechete. Marjorie anandipeza ndi maso, anabwerera m'mbuyo n'kundigwira dzanja. Anafunsa monong'ona ngati ndi m'mimba, poti kuzizira kwa kuno sikugwirizana ndi anthu a kumwera. Kwa Marjorie, aliyense wochokera kupitirira Jenda ndi wa kumwera. Ndinangogwedeza mutu. Pa njira ya kumanda sipokambira milandu, ndipo ndinayamika mwambo umenewo ngati wamantha aliyense.

Kumanda ndinaima pakati pa anthu mazana, ndili ndekha ndi zomwe ndinkadziwa. A Harawa anali tsidya lina la dzenje, chipewa pachifuwa, akuimba besi ndi mtima wonse. Shadrick anali pafupi nawo, atagwiriziridwa ndi amalume ake aja. Dothi litakwiriridwa, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata: ana, adzukulu a malemu, akuchimuna, amayi a mpingo. Kenako anati pali gulu lina lomwe ayenera kulitchula mwapadera, anthu omwe ali ndi chifukwa chokhalira kutali ndi banja lino, koma abwera m'mamawa, ndipo nkhata zonse mukuonazi zaluka ndi manja awo. Anati umenewu ndiye umunthu. Anthu anang'ung'udza movomereza.

Marjorie anandipatsira nkhata ya gulu, yaikulu ija ndinaluka poyamba. Ndinayesa kumubwezera, iye anandikankha pamsana mwachikondi. Ndinayenda ndekha pabwalo lija, ndinagwada m'matope, ndinaika nkhata pamutu pa manda a Nyakamanga. Mayi ameneyu ndinalibe naye chifukwa, ndipo misozi yomwe ndinagwetsa pamenepo anthu anaiyesa yake. Podzuka ndinapezeka ndayang'anizana ndi Shadrick. Anawerama pang'ono, mwaulemu wonse, monga anachitira tsiku lomwe ankandipatsa chikalata.

Titabwerera kunyumba ya maliro tinasamba m'manja pageti, ndipo atsikana anayamba kugawa chakudya, mbale imodzi anthu awiri. Marjorie anatenga yathu n'kundikokera pa tsinde la mtengo wa mapeyala, poduka mphepo. Anali wotopa koma wokhutira. Anati tagwira ntchito yooneka, ndipo gogo uja akundifunsa kale ngati ndingabwere ku chinkhoswe cha mdzukulu wake mwezi wamawa. Kenako, akunyema chakudya, anati mawa ndikadutse ku khoti ndikafunse tsiku latsopano, kuti Loweruka tidzayambirenso kukonzekera.

"Kulibe tsiku lina, Nyaluhanga," ndinatero. "Mlandu unaitanidwa naini koloko. Shadrick analiko. Amumasula chifukwa mboni sizinabwere. Kumene ndinasowera kuja ndinali kumeneko."

Dzanja lake linaima m'malere. Anandiyang'ana, anayang'ana ku tenti komwe amalume aja ankagwirana chanza ndi anthu, n'kundiyang'ananso. Sanakuwe. Anayamba kudzitukwana yekha motsitsa, kuti ndi chitsiru, kuti iye ndi amene anayenda khomo ndi khomo kukokera anthu kuno, kuti a Harawa amuona bwanji, nkhalamba yomwe ikugona m'nyumba ya mkamwini chifukwa cha puloti imeneyi. Anati tonse tinapusitsidwa mofanana, panalibe akanadziwa.

Pamenepo ndikanakhala chete, ndikanatsala Nyakachingwe mpaka lero. Khomo linali lotseguka, iye mwini anali atanditsegulira. Koma gulu lathu linamangidwa pa chinthu chimodzi chokha, kunena zoona za kupusa kwako pamaso pa anzako, ndipo sindikanatha kumuona akusenza mtolo wanga.

"Ine ndinkadziwa," ndinatero. "Dzulo lomwe, muli kunyumba kwanga. Ndinkadziwa kuti tsiku la khoti silisintha ndi mawu apakamwa."

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Sono chifukwa vichi simunayankhule, mama? Ndimwe mlembi withu. Tose tikudalira imwe pa vya mapepala."

"Chifukwa munabwera kunyumba kwanga. Zaka zisanu ndi chimodzi, ndinu munthu woyamba kukhala pampando uja."

Ndinkafuna Marjorie anditukwane, andimenye kumene, chilichonse choti ndiyankhe. Iye anangopukuta zala zake pa chitenje, chimodzichimodzi, ngakhale anali asanadye kanthu. Kenako anadzuka movutikira, atagwira bondo, n'kulunjika komwe kunali abambo.

Ndinamuona akugwada pambali pa mpando wa a Harawa n'kuwalankhula kukhutu. Nkhalamba ija inasiya kutafuna. Inaika mbale yake pansi mosamala, kuti isatayike, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Anzathu ena aja anayamba kusendera mmodzimmodzi, zitenje zakuda za timadontho toyera zitazungulira mpando umodzi, mitu itagundana. Palibe anacheukira ku mtengo wa mapeyala.

Kamvula kanayambiranso. Ndinavundikira chakudya chathu ndi mbale ya ndiwo kuti chisalowe madzi, poti theka linali la Marjorie, ndipo ndinakhala pomwepo ndikudikira.